Gitala Yochunidwa Bwino Koma Yosemphana Mawu: Kakonzedwe Kake Panyumba

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'magulu oimba a m'matchalitchi ndi m'mabandi a achinyamata. Woimba gitala yamagetsi wachuna nsambo zonse zisanu ndi imodzi, chida choyezera mawu chotchedwa tuner chavomereza, ndipo ma chord a kumutu kwa gitala akumveka bwino. Koma nyimbo ikafika poti gitala ilire yokha, zala n'kusunthira ku mafureti apafupi ndi thupi, mawu amayamba kusemphana ndi a kiyibodi. Wa kiyibodi amatembenuka, wa gitala amachunanso, vuto n'kukhala pomwepo. Ena amafika ponena kuti gitalayo ndi yabodza, ena amadzudzula mwana amene akuphunzirayo kuti alibe khutu. Nthawi zambiri onsewa amakhala akulakwitsa. Chimene chasokonekera ndi kutalika kwa nsambo, ndipo kusiyana kwake kumakhala kwa mamilimita ochepa chabe, amene munthu wofatsa angathe kuwabweza ndi sikuludiraiva ali pakhonde pake.

Oimba ndi amisiri amalitcha vutoli intonation, kutanthauza kulondola kwa manoti kuchokera kumutu kwa gitala mpaka pa fureti yomaliza. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha nyimbo zimene timakonda. Gitala ya rumba ya ku Congo, monga ankaiimbira Franco Luambo ndi Dr Nico, komanso sungura ya ku Zimbabwe ya anthu ngati Nicholas Zakaria, imalira kwambiri pa mafureti apafupi ndi thupi, nsambo ziwiriziwiri nthawi imodzi. Mnyamata amene akutsanzira kaimbidwe kameneka amakhala nthawi yaitali pamalo penipeni pamene cholakwikacho chimaonekera poyera.

Chimene chimachitika pa nsambo

Nsambo ya gitala imanjenjemera pakati pa malo awiri. Kumutu imagona pa kachidutswa kokhala ndi timipata sikisi, kotchedwa nut. Kuthupi imagona pa kachitsulo kotchedwa saddle, kamene kali pa bridge. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndiwo umalamula pamene fureti iliyonse iyenera kukhala. Pa magitala a Fender Stratocaster ndi Telecaster mtundawu ndi mainchesi 25.5, omwe ndi mamilimita 648. Pa Gibson Les Paul ndi mainchesi 24.75, pafupifupi mamilimita 629. Magitala ambiri otsika mtengo amene amapezeka m'masitolo ndi pakaunjika anapangidwa motsanzira imodzi mwa ziwirizi.

Opanga amagawa mtundawu ndi nambala ya 17.817 kuti apeze pamene pakhale fureti yoyamba, kenako amagawanso mtunda wotsalawo ndi nambala yomweyo kuti apeze yachiwiri, mpaka kumapeto. N'chifukwa chake mipata imamka nichepa munthu akamayandikira thupi la gitala. Pa masamu amenewa, fureti ya 12 imagwera pakatikati penipeni, pa mamilimita 324 ngati ndi Stratocaster. Nsambo ikafupikitsidwa ndi theka imatulutsa noti yomweyo koma yokwera ndi octave imodzi. E amakhalabe E, A amakhalabe A.

Masamuwo ndi olondola, koma chala chimawasokoneza. Nsambo imakhala pamwamba pa mafureti, ndipo chala chikaikanikiza kuti ifike pa chitsulo chimaikoka pang'ono. Nsambo yokokedwa imakwera mawu. Komanso nsambo yachitsulo ndi yolimba, moti kumapeto kwake sipinda msanga, ndipo imanjenjemera ngati yaifupi kuposa mmene ilili. Pofuna kubweza zimenezi, saddle amaibwezera kumbuyo pang'ono kupitirira pamene masamu anena. Nsambo yaikulu imafuna kubwezeredwa kwambiri kuposa yaing'ono. Aliyense amene anapangapo banjo ya chigubu ali mwana akuidziwa kale nzeru imeneyi, chifukwa kamtengo kogonekapo mawaya kaja amakasuntha ndi dzanja, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka manoti atakhala m'malo. Pa gitala yamagetsi ntchito ndi yomweyo, kungoti nthawi zambiri nsambo iliyonse ili ndi kachitsulo kakekake ndi sikuluwu yake.

Tuner imayeza kusiyana kwa mawu ndi muyeso wotchedwa cent. Kuchoka pa fureti imodzi kufika pa yotsatira ndi ma cent 100, ndipo octave yonse ndi ma cent 1,200. Pa gitala ya mamilimita 648, kusuntha saddle ndi milimita imodzi kumasintha noti ya pa fureti ya 12 ndi ma cent pafupifupi atatu. Choncho saddle imene yaphonya malo ake ndi mamilimita anayi imaponya noti kumbali ndi ma cent oposa 10, ndipo kusemphana kotero ngakhale amayi a kwaya amene sanagwirepo gitala amakumva.

Nsambo zatsopano choyamba

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira nthawi. Nsambo zakale sizingakonzedwe intonation. Thukuta, fumbi ndi dzimbiri zimapangitsa mbali ina ya nsambo kulemera kuposa inzake, ndipo kunsi kwake kumakhala timabala tosiyidwa ndi mafureti. Nsambo yotere sinjenjemera mofanana, moti singano ya tuner imangoyendayenda osakhazikika. Munthu akhoza kupotokola masikuluwu tsiku lonse, ndipo akadzaika nsambo zatsopano ntchito yonse ija iyenera kuyambidwanso.

Nsambo zimadula, ndipo banja limene lagulira mwana gitala silingakwanitse kuzisintha mwezi ndi mwezi. Koma pa tsiku lokonza intonation m'pofunika paketi yathunthu yatsopano, osati kungosintha imodzi imene yaduka n'kusiya zinzake zadzimbiri. Kukula kwa nsambo kumalembedwa pa paketi: zofala ndi .009 mpaka .042, ndi .010 mpaka .046. Ndi bwino kusankha muyeso umodzi n'kumaugula womwewo nthawi zonse, chifukwa kuchoka pa .009 kupita pa .010 kumawonjezera mphamvu yokoka khosi ndipo tizitsulo tonse timafunika kusunthidwanso. Pamsika palinso nsambo zachinyengo zokhala m'mapaketi a mayina otchuka, ndipo kampani ya D'Addario yakhala ikuchenjeza ogula za zimenezi kwa zaka zambiri. Paketi yotchipa modabwitsa ndi yofunika kuikayikira.

Nsambo zikaikidwa, woimba azikoke pang'onopang'ono ndi zala, imodziimodzi, n'kuchunanso, mpaka zitasiya kutsika zokha.

Khosi, kukwera kwa nsambo ndi maginito

Intonation imakonzedwa pomaliza, zina zonse zitakhala m'malo, chifukwa chilichonse chimene chisinthe mtunda wa pakati pa nsambo ndi mafureti chimasinthanso kukoka kwa chala kuja.

Choyamba ndi khosi. Liyenera kukhala lopindika pang'ono zedi, ndipo kuyeza kwake n'kosavuta. Munthu amamanga capo, kachida kokanikiza nsambo zonse nthawi imodzi, pa fureti yoyamba, n'kukanikiza nsambo yaikulu ya E pa fureti yomaliza, kenako n'kuona mpata wa pakati pa nsamboyo ndi fureti ya 8. Kampani ya Fender imalangiza mpata wa pafupifupi mamilimita 0.25 pa magitala ake ambiri, womwe ndi wofanana ndi kukula kwa nsambo yaing'ono ya .010. Kachidutswa kotsala ka nsambo yoteroyo kangagwire ntchito ya choyezera. Mpata ukakula, chitsulo cha m'kati mwa khosi chotchedwa truss rod chimafunika kumangidwa, ukasoweratu, chimasulidwe. Pamenepa m'pofunika mantha oyenera. Allen key ikhale yokwana bwino, kupotokola kusapitirire kota ya mzunguliro nthawi imodzi, ndipo chitsulocho chikakana kuyenda, asachikakamize. Truss rod ikathyoka, kukonza kwake kumaposa mtengo wa gitala yotchipa. Amene sanaonepo wina akuchita zimenezi angachite bwino kupita nayo kwa mmisiri pa gawo lokhali.

Chachiwiri ndi kukwera kwa nsambo. Muyeso wa Fender ndi pafupifupi mamilimita 1.6 pakati pa nsambo ndi fureti ya 17. Woimba wa dzanja lolemera angakonde kukweza pang'ono kuti nsambo zisamagunde mafureti, ndipo palibe cholakwika, bola asankhiretu asanayambe kusuntha tizitsulo. Magitala ambiri ogulidwa kwa munthu wina amafika nsambo zili m'mwamba mamilimita atatu kapena anayi. Pa gitala yotere mwana amavutika zala, ndipo noti iliyonse yokanikizidwa imakwera kupitirira muyeso.

Chachitatu ambiri sachiganizira n'komwe. Ma pickup, tizida totola mawu a nsambo, ali ndi maginito, ndipo akayandikira kwambiri amakoka nsambo zachitsulo, makamaka zazikulu. Chizindikiro chake ndi noti imene ikumveka ngati mawu awiri akulimbana, tuner n'kulephera kuima malo amodzi, makamaka kupitirira fureti ya 12. Vutoli ndi lodziwika pa Stratocaster, yomwe ili ndi ma pickup atatu. Nsambo ikakanikizidwa pa fureti yomaliza, payenera kutsala mpata wa mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono kumbali ya nsambo zazikulu. Masikuluwu a m'mbali mwa pickup ndiwo amaitsitsa. Achinyamata amakonda kukweza ma pickup pofuna kuti gitala izilira mwamphamvu, koma mphamvuyo ndi bwino kuifuna ku ampulifaya.

Ntchito yeniyeni

Zofunika ndi zochepa: tuner yotha kuwerenga noti iliyonse, sikuludiraiva yaing'ono yokwana bwino pamutu pa sikuluwu, kansalu kophimbira thupi la gitala kuti lisakandike, ndi pepala lolembapo. Tuner yolumikiza ndi chingwe ndiyo yabwino kwambiri; Boss TU-3, mwachitsanzo, imalondola mpaka cent imodzi. Yomangirira kumutu kwa gitala nayo imagwira ntchito, ndipo pulogalamu ya pafoni ingathandize ngati pamalopo pali zii. Magetsi atazima ntchitoyi imatheka ndithu, popeza ampulifaya safunika.

Gitala igwiridwe mmene amaigwirira poimba, pamwendo kapena pa lamba. Ikagonekedwa chagada patebulo, kulemera kwa khosi kumasintha mawu pang'ono ndipo muyeso umanama. Ngati tuner yalumikizidwa ndi chingwe, kusankha pickup ya kufupi ndi khosi ndi kutsitsa tone kumathandiza kuti singano ikhazikike.

Woimba amachuna nsambo yoyamba osaikanikiza paliponse mpaka tuner itaima pakati. Kenako amaikanikiza pa fureti ya 12, ndi mphamvu yomwe amagwiritsa ntchito poimba nyimbo, n'kuiliza mofatsa. Kuiliza mwamphamvu kumakweza noti kwa kanthawi, choncho aziwerenga singano ikadekha. Ena amakonda kuyerekeza ndi harmonic, kamawu kowala kamene kamatuluka chala chikangokhudza nsambo pamwamba pa fureti ya 12 osaikanikiza. Njira zonse ziwiri zimafika pamodzi.

Ngati noti yokanikizidwa yakwera, imene oimba amati sharp, nsambo yafupika ndipo saddle ibwerere kumbuyo, kutali ndi khosi. Ngati yatsika, imene amati flat, nsambo yatalika ndipo saddle ipite kutsogolo, cha kukhosi. Lamulo lonse ndi limeneli. Asanapotokole sikuluwu, woimba amasule nsambo pang'ono, makamaka pobwezera kumbuyo, kuti mutu wa sikuluwu usaperepeseke komanso nsambo isaduke. Apotokole theka la mzunguliro, achunenso nsambo, ayezenso. Kuiwala kuchunanso ndi kulakwitsa kofala kwambiri, chifukwa saddle ikangosuntha, noti ya nsambo yosakanikiza nayo yasuntha. Kulemba papepala kuti nsambo yakuti yapotokoledwa kangati kumathandiza kubwerera pamene anayambira zinthu zikasokonekera.

Nsambo imodzi ingafune kubwereza katatu kapena kanayi. Zonse zikatha, tizitsulo timaoneka ngati masitepe awiri: E yaing'ono kutsogolo, B kumbuyo pang'ono, G kumbuyo kwambiri; kenako D imabwereranso kutsogolo, A kumbuyo pang'ono, E yaikulu kumbuyo kuposa zonse. D imabwerera kutsogolo chifukwa ndi nsambo yokulungidwa, ndipo kawaya ka m'kati mwake n'kakang'ono kuposa G yosakulungidwa. Gitala imene tizitsulo take tili pamzere umodzi wowongoka kawirikawiri ndi yoti sinakonzedwepo chichokere kufakitale. Saddle imodzi ikatalikirana kwambiri ndi dongosolo limeneli, wokayikiridwa woyamba ndi nsambo yomwe ili pamenepo, ngakhale itakhala yatsopano.

Pomaliza ndi bwino kuyezanso pa fureti ya 5 ndi ya 17. Woimba sungura kapena rumba, amene amakhalitsa kupitirira fureti ya 12, angalole kuti pa 12 paphonye ndi cent imodzi kapena ziwiri ngati zimenezo zikupangitsa pa 15 ndi pa 17 kumveka bwino. Gitala ikonzedwe molingana ndi kumene mwini wake amaimbira.

Bridge iliyonse ndi khalidwe lake

Stratocaster, imene inatuluka mu 1954, ili ndi tizitsulo sikisi, ndipo masikuluwu ake ali kumbuyo kwa bridge. Kumanga sikuluwu kumakokera saddle kumbuyo. Pomasula, kasipulingi kamayenera kuikankhira kutsogolo, koma nthawi zina saddle imakanirira ndipo imafunika kuikankha ndi chala. Pa E yaikulu kasipulingi kangapanikizike kotheratu saddle isanafike pofunika. Amisiri amakadula kukhala kakafupi. Ngati bridge ndi yoyandama chifukwa cha ndodo ya tremolo, kusintha nsambo imodzi kumasuntha zinzake zonse, choncho zonse zichunidwenso nthawi iliyonse.

Telecaster ya kapangidwe koyambirira, ka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ili ndi tizitsulo titatu tokha, kalikonse konyamula nsambo ziwiri. Pamenepa sizitheka kulondoletsa zonse. Woimba amagawa cholakwikacho pakati, ina ikwere pang'ono, inzake itsike pang'ono, kapena amagula tizitsulo tosemedwa mopendekeka timene tinapangidwira vuto lomweli.

Magitala a mtundu wa Gibson ali ndi bridge yotchedwa Tune-o-matic, imene Ted McCarty anaipanga m'zaka zomwezo. Mpata woyendamo saddle ndi waufupi, ndipo mitu ya masikuluwu pena imayang'ana kukhosi, pena kumbuyo, moti munthu ayenera kuona ndi maso kumene saddle ikulowera m'malo moloweza mbali yopotokolera. Saddle ikafika kumapeto noti isanalondole, ikhoza kuchotsedwa n'kutembenuzidwa, chifukwa nsonga yake ili chambali imodzi, ndipo kutero kumapereka kampata kena.

Bridge ya Floyd Rose, imene imamanga nsambo mbali zonse ziwiri, ndi yotopetsa. Saddle iliyonse yamangidwa ndi kabawuti ka Allen key kamene kali pansi pa nsambo. Nsambo iyenera kumasulidwa kwambiri, kabawutiko n'kumasulidwa, saddle n'kusunthidwa ndi dzanja, zonse n'kumangidwanso, kenako kuchuna. Kumasula kabawuti nsambo ili yokoka kumachititsa saddle kuthamangira kutsogolo. Munthu amene akuyamba kumene asaphunzirire pa bridge imeneyi.

Zimene sikuluwu singathe

Nthawi zina pa fureti ya 12 pamakhala bwino, koma ma chord a kumutu monga D, E ndi G akumveka owawa. Apa vuto lili pa nut. Timipata take tikakhala tosazama mokwanira, nsambo imakhala m'mwamba ndipo chala chimaikoka kwambiri pa mafureti atatu oyambirira. Poyeza, nsambo ikanikizidwe pa fureti ya 3. Mpata wotsala pamwamba pa fureti yoyamba uyenera kukhala wochepa kwambiri, wongolowa kapepala. Njira ina ndi kumanga capo pa fureti yoyamba n'kuchunanso: ma chord akakoma, nut ndiyo yolakwa. Kuzamitsa timipatati kumafuna matupa apadera, ndipo kapata kakazama mopitirira sikabwereranso. Mpeni ndi lezala siziyenera kufika pamenepa. Ntchitoyi ndi ya mmisiri.

Mafureti operepeseka nawo amanamiza. Pamwamba pa fureti payenera kukhala pobulungira kuti nsambo igunde pakati. Pakaphwatalala chifukwa cha zaka zambiri zoimba, nsambo imagunda cha kumbali ya bridge ndipo noti imakwera, pa mafureti ena okha osati onse. Pa magitala a khosi lomangidwa ndi masikuluwu anayi, khosi lingagwedere. Kumanga masikuluwuwo mofatsa ndi chinthu choyenera kuchita tsiku lokonza lisanayambe. Ndipo pa magitala ena otchipa kwambiri bridge inakhomedwa pamalo olakwika. Tepi yoyezera imaulula zimenezi: mtunda wochoka pa nut kufika pa fureti ya 12 uyenera kufanana ndi wochoka pa fureti ya 12 kufika pa saddle ya nsambo yaing'ono, kuwonjezerapo milimita imodzi kapena ziwiri. Kholo limene likugulira mwana gitala lingayeze zimenezi m'sitolo momwemo lisanapereke ndalama.

Dzanja la woimba lilinso ndi mbali yake. Amene anaphunzirira pa gitala ya bokosi ya nsambo zolimba amafika pa yamagetsi akufinyabe mwamphamvu, ndipo pa nsambo za .009 kufinya kotero kumakweza noti ndi ma cent angapo. Anthu awiri akasinthana gitala imodzi, tuner ikhoza kuonetsa zosiyana. N'chifukwa chake ndi bwino kuti mwini gitala ndiye azikanikiza nsambo poyeza, ngakhale wopotokola sikuluwu atakhala wina.

Palinso kusemphana kwina kumene kuli m'kapangidwe ka gitala iliyonse, ngakhale yodula chotani. Mafureti anagawidwa kuti makiyi onse 12 amveke bwino mofanana, ndipo kuti zimenezi zitheke, noti yachitatu ya chord ya major imakhala yokwera ndi ma cent pafupifupi 14 kuposa mmene khutu limafunira. Kiyibodi nayo inachunidwa chimodzimodzi. Woimba wa khutu lakuthwa amamva zimenezi pa chord ya E, amatsitsa nsambo ya G kuti ikome, kenako akafika pa chord ya C kapena G zonse zaipa. Amene akuimba ndi kiyibodi akhulupirire tuner, yoikidwa pa muyeso wa A 440, ndipo wa kiyibodi aonetsetse kuti chida chake sichinasunthidwe pa muyeso umenewo. Kunja kuli njira zochepetsera vutoli, monga nut ya Earvana, dongosolo la Buzz Feiten ndi mafureti okhotakhota a True Temperament a ku Sweden, koma gulu la pampingo silikusowa zimenezi kuti limveke bwino.

Nyengo ndi kasungidwe

Khosi la gitala ndi thabwa, ndipo thabwa limamva nyengo. Kutentha ndi kuuma kwa Okutobala kumalisuntha, chinyezi cha dzinja n'kulisunthanso, ndipo m'madera a m'mphepete mwa nyanja ndi ku Chigwa cha Shire thukuta limadya nsambo msanga. Choncho kuyeza pa fureti ya 12 kuyenera kuchitika mvula ikayamba, ikatha, ndiponso nthawi iliyonse nsambo zikasinthidwa. Kuyezako kumatenga mphindi zochepa, ndipo nthawi zambiri sipapezeka chosintha.

Gitala isasiyidwe m'galimoto yotsekedwa padzuwa, kapena kutsamiritsidwa kukhoma la chinyezi m'chipinda chosungiramo zida kutchalitchi. Kupukuta nsambo ndi kansalu kouma, pamwamba ndi pansi, nthawi iliyonse akamaliza kuimba, kumatalikitsa moyo wake. Masikuluwu a pa bridge akachita dzimbiri, kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera, kosiyidwa usiku wonse, kamawamasula. Kuwakakamiza ali ouma kumangoperepesa mitu yake. Pagulu pamene gitala imodzi imagwiridwa ndi anthu angapo, ndi bwino kusankha munthu mmodzi woyang'anira sikuludiraiva ndi Allen key, ndipo muyeso wa nsambo ndi tsiku limene zinaikidwa zilembedwe pakapepala kosungidwa m'chikwama cha gitalayo.